Tsiku Limene Malemu Edna Anameza Vinyo

Dongosolo lonse linapangidwa ine ndikuona, patebulo la pakona m'bala yanga, dzuwa lisanalowe n'komwe. Ndine Glenys Pech, ndipo ndagulitsa mowa m'chigwa chino nthawi yokwanira kudziwa kuti mwamuna akayamba kujambula mapu patebulo ndi chala choviika m'thovu, kunyumba kwake ayambiretu kumukonzera kachikwama ka zovala.

Wojambula mapuyo anali Trevor Bartel, amene tonse timamutcha Loya chifukwa walowa m'khoti kambiri kuposa maloya enieni, kungoti iye amaima mbali inayo. Pambali pake panali Gavin Schiller, chimunthu choti chikaima pakhomo m'bala mumada bii. Ameneyu timamutcha Kanyerere. Wachitatu anali mlamu wake wa Loya, Shane Dohnt, amene timamutcha Mabuleki pokumbukira chinthu chimene pikapu yake ilibe.

"Amwene, tasenderani kuno," anatero Loya, akunong'ona mokweza moti wotsuka mbale kukhitchini anamva. "Loweruka lino ndi chikondwerero cha mphesa. Chigwa chonse chikhala kumsewu kuonera perete. A Noske akakhoma geti n'kutsika, paphiri paja patsala ndani?"

"Galu," anayankha Kanyerere.

"Galu uja mano anasiya kalekale. Winanso?"

"Zidole."

"Basi! Zidole. Ndiye zidolezo tikhala ifeyo."

Nthawi yokolola, banja lililonse kuno limaimika zidole zoopsezera mbalame, ndipo pamakhala mpikisano. Ena amapanga chidole chokwera njinga, ena chosodza nsomba. Koma a Noske, eni munda wa mpesa wa paphiri, amachita zawozawo. Zidole zawo amaziveka zovala za makolo awo amene anatsogola, n'kuziimika pamzere pafupi ndi chipinda chosungira vinyo, kuti nawo aone zokolola. M'chipinda chimenecho ndi mmene munali chimene Loya ankafuna, mgolo wa Gottlieb.

Mgolowo si waukulu, munthu mmodzi akhoza kuugubuduza. Gottlieb Noske, amene anabzala mipesa yoyamba paphiripo, anaudzaza ndi vinyo wa zokolola zake zoyamba. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse patsiku la chikondwerero, mwini munda amatungamo pang'ono n'kubwezeramo watsopano, kotero kuti vinyo woyamba uja sanathe mpaka lero. Akadali momwemo, wasakanikirana ndi wa ana ndi wa adzukulu. Chaka chimenecho mwini munda anali a Erwin Noske, nkhalamba yoti maso anali atachita chifunga ndipo mtima unkagunda monyinyirika. Adokotala anali atanena kale kuti zokolola zina sadzaziona. Loweruka limenelo ndi limene anakonza zopereka kajagi kothirira m'manja mwa mwana wawo Lorna. Chigwa chonse chinkadziwa.

Loya nayenso ankadziwa, koma iye ankaganiza za munthu wina wa mumzinda wa Adelaide, wa nsapato zosongoka, amene anamulonjeza boti akabweretsa mgolowo.

"Boti la injini, amwene. Lokhala ndi kafiriji m'kati."

"Koma bwana," anafunsa Kanyerere, "bwanji osangodikira anthu achoke, ife n'kudumpha mpanda?"

Loya anamuyang'ana momumvera chisoni. "Ndi chifukwa chake iwe uli iwe, ine ndili ine. Wodumpha mpanda ndi mbava wamba. Ife ndife akatswiri. Anthu akamachoka, ife tili kale m'kati."

"Nanga m'mawamo tilowa bwanji?"

"Tidumpha mpanda. Usandisokoneze."

Kenako anatembenukira kwa Mabuleki, amene ankalimbana ndi mtedza wogwera m'mowa. "Alamu, inu ntchito yanu ndi yoti ngakhale mbuzi ingaigwire. Muimike pikapu kumunsi kwa phiri. Mukaona chinthu chikugubuduka kuchokera pamwamba, kwezani, fundani lona, tsirani moto. Osasuzumira, osafunsa, osaima. Bwerezani."

"Osasuzumira, osafunsa, osaima."

"Shapu. Glenys, tipatseni ina. Lembani kuti lero mwaona anthu olemera."

Ndinamva zonse, ndipo sindinauze munthu. Musandiweruze. Anthu omwewa anapanganapo patebulo lomwelo zokaba belu la tchalitchi, n'kukathera kuthandiza abusa kusesa. Ndinangoti ndi mowa ukulankhula. Zimene zinachitika paphiri ine ndisanafike ndinazimva pambuyo pake, kwa eni akewo, patebulo lomwe lija.

Loweruka kutangocha, awiri aja anadumpha mpanda. Kunena zoona, Loya ndiye anadumpha. Kanyerere anangotsamira, mpandawo n'kugona wokha. Anakwera phiri pakati pa mizere ya mipesa, akupuma ngati mathirakitala akale, chifukwa phiri la a Noske ndi lotsetsereka moti wokolola amamangirira ndowa m'chiuno. Pamwamba anapeza makolo ali ndondondo pamzere, nkhope zawo za ziguduli zojambulidwa ndi utoto.

Loya anasankha Gottlieb, ati mtsogoleri avale za mtsogoleri. Jekete lakuda, chipewa chachitali, ndevu za ubweya wa nkhosa. Vuto linali Kanyerere. Anayesa malaya a uyu, batani linathawa. Anayesa thalauza la uyo, linathera m'mawondo. Chovala chokhacho chomukwana chinali diresi lamaluwa la malemu Edna, mkazi wa a Erwin, amene Mulungu anawapatsa thupi mosaumira.

"Bwana, diresi ayi. Mayi amenewa ankandipatsa keke ndili kusukulu."

"Ndiye avomera. Kweza manja."

Apa Loya anaonetsa luso limene palibe ankadziwa kuti ali nalo. Anatenga udzu wa m'zidole zija n'kuyamba kumukonza mnzake. Apa anakhutiza, apo anachepetsa, m'chiuno anamanga, pachifuwa anaumba mosamala ngati mmisiri. Anabwerera m'mbuyo, n'kupendeketsa mutu, n'kubweranso kudzakonza kolala. Atamaliza anamuveka chiguduli kumutu ndi chipewa cha maluwa pamwamba, ndipo anakhala kaye akusirira ntchito ya manja ake.

"Aise, ukanakhala kuti sindikukudziwa..."

"Bwana, musamalize."

Anabisa udzu wotsala pansi pa mipesa, n'kuima pamzere, manja tambalale, ndodo yodutsa kumsana. Chinatsala n'kudikira kuti a Noske atsike.

A Noske sanatsike. Dzuwa linakwera, ntchentche zinamva kuti makolo awiri chaka chino akutuluka thukuta, ndipo zinaitanizana mpaka za m'chigwa china. Imodzi inalowa m'chiguduli cha Loya n'kumanga msasa m'mphuno. Galu wopanda mano uja anabwera, ananunkhiza mzere wonse, n'kusankha mwendo wa Gottlieb kuti ndiwo woyenera. Loya anapirira. Ankaganiza za kafiriji.

Kenako kunamveka kulira kwa gudumu losowa mafuta. Anali Lorna, akukankha wilibala yoyalidwa mapilo, ndipo m'menemo munakhala a Erwin atavala suti yawo ya kutchalitchi, ndodo pamiyendo, kajagi ndi kakapu m'manja. Mpando wa matayala paphiri limeneli suyenda, umangofuna kukafika kumunsi wokha.

"Ndiimike apa," anatero a Erwin. "Iwe pita ukalandire alendo kugeti. Ndisiye ndi anthu anga."

Lorna anali ndi zambiri m'mutu tsiku limenelo, moti sanakweze n'komwe maso. Anatsitsa bambo ake, anawapatsa ndodo, n'kuthamanga. A Erwin anayenda pang'onopang'ono mpaka anaima pamaso pa Gottlieb. Zimene Loya sankadziwa n'zakuti anthu amoyo onse m'chigwa muno anatopa nayo mbiri ya munda wa a Noske. Ukangowaona akutsegula pakamwa, umakumbukira kuti wasiya mphika pamoto. Ndiye chaka chilichonse ankaifotokozera zidole, zimene sizithawa.

"Agogo Gottlieb, mwadzuka bwanji? Mwanenepatu chaka chino. Kumeneko mukudya bwino."

Anayambira pachiyambi penipeni. Mmene Gottlieb anachokera ku Silesia pa sitima yapamadzi, timitengo ta mpesa atatibaya m'mbatata kuti tisaume. Mmene ana ake analirira njala panyanja mbatata zili pomwepo, iye n'kuzigonera pamwamba. Mmene anafikira mochedwa, malo athyathyathya onse ena atatenga kale, n'kugula phiri limene ngakhale mbuzi zinkaliyang'ana kawiri. Mmene mvula inkakokololera dothi kumunsi, banja lonse n'kumalibweza pamwamba m'madengu. Anafotokoza za chilala, za moto wolusa umene unaima pamzere wachitatu, za mpesa uliwonse wa kumtunda ndi khalidwe lake, uti ndi waulesi, uti ndi wamwano, uti umabereka pang'ono koma zokoma. Dzuwa linasuntha. Manja a Loya anafa, kenako anadzuka, kenako anafanso.

"Ndiye ndimakuthokozani, agogo," anatero a Erwin pomaliza. "Koma funso langa ndi lomwe lija. Dziko lonseli, munasowa pena pathyathyathya? Mawondo anga anatha chifukwa cha inu."

Ndodo ija inatera pamsongolo wa Gottlieb, phwa! Uwunso unali mwambo, ndipo kwa zaka zonsezi udzu sunadandaulepo. M'kati mwa chiguduli Loya analuma ndevu za nkhosa, misozi ikutsika.

"Mwalimbanso miyendo," anatero a Erwin, n'kubwereza kuti atsimikize. Kenako anathira vinyo wa mumgolo m'kakapu. Fungo lake linakwera, la zoumba ndi uchi ndi thabwa lakale. Loya anatsegula pakamwa m'kati mwa chiguduli.

"Inu munamwa zokwanira muli moyo," anatero a Erwin, n'kuthira pansi, pansapato.

Anadutsa makolo enawo mwachidule, uyu moni, uyo kadontho. Atafika pa diresi lamaluwa anaima, navula chipewa. 

"Edna."

Kanyerere anasiya kupuma.

"Diresi ili likukukhalabe. Ukukumbukira tsiku lija boma linkalipira anthu kuti azule mipesa yakale? Ine ndinali nditavomera kale, wamantha ine. Iwe unatenga mpando wa kukhitchini n'kukakhala patsogolo pa chigalimoto chozulira, ukusenda mbatata. Woyendetsa uja mpaka anadya nafe n'kubwerera. Mipesa imeneyi ilipo chifukwa cha iwe, ngakhale pabotolo analemba dzina la agogo."

Anasisita dzanja la diresilo.

"Lero ndikupereka kajagi kwa Lorna. Akudziwa ntchito kuposa ine, kungoti sindinamuuze. Ndithira komaliza, kenako basi. Chaka chamawa andiimika pano pambali pako, ndiye undisungire malo. Ndamuuza kuti andiveke suti ino, osati juzi lija unkadana nalo. Sindikuopa, Edna. Kungoti nyumba ija yakula kwambiri chichokere iwe."

Anathira vinyo m'kakapu, n'kukakweza kufikitsa pakamwa pa chiguduli, monga ankachitira chaka chilichonse. Zaka zonsezo vinyoyo ankangonyowetsa chiguduli n'kutsikira m'udzu. Ulendo uno kunamveka kuti kwiti.

A Erwin anayang'ana m'kakapu, anayang'ana chidole. "Chaka chino wamwa bwino," anatero, n'kuthiranso kena. Nako kanapita. Pansi pa maso opaka utoto aja panayamba kuoneka madontho awiri onyowa, akukula.

Nkhalamba ija itatembenuka kubwerera ku wilibala yake, diresi lamaluwa linanong'ona.

"Bwana, ine mgolo uja sindikhudza."

"Khala chete, chitsiru iwe!"

"Mwamva nokha. Nyumba yakula."

"Ikule! Boti, aise, boti! Ndipo vinyo wanga wamwa kawiri, ine anditsira pansapato. Tikambirana."

Apa ndi pamene ine ndinalowera m'nkhaniyi. Oweruza mpikisano wa zidole amayendera minda Lachisanu, ndipo Loya anawerengera zimenezo. Koma Lachisanulo abusa Thiele anakazulitsa dzino, ndiye tinasunthira Loweruka m'mawa. Alendo amene Lorna anakalandira kugeti tinali ifeyo. Oweruza ndife atatu chaka chilichonse: ine, abusa, ndi a Sajeni Kaye Mickan a kupolisi yathu, atavala yunifolomu yawo ya perete, unyolo ukulendewera m'chiuno.

Tinayamba kuyendera mzere. Ine maso anga anagwera pa nsapato za Gottlieb. Nsapato zimenezo ndakhala ndikuzichotsa pamipando yanga kwa zaka zambiri, ndipo yakumanzere imamangidwa ndi waya wa mpanda. Ndinayang'ana Edna, ndinaona zala ngati masoseji zikusuzumira m'magolovesi a zingwe. Mtima unandiwira, chifukwa a Erwin anali atakhala poteropo mu wilibala yawo, kajagi ali nako pachifuwa. Ndikanatha kungowakodola a Sajeni. Koma munthu amene wakhala akundiuza kuti ndi katswiri kwa zaka zonsezi ndinafuna adziulule yekha, ndipo pomukhudza kuti aphulike ndinkapadziwa.

"Abusa, taonani Edna," ndinatero. "Kodi munaonapo ntchito yotere?"

Abusa anavala magalasi. Tsaya linali lotupabe, koma mbali ina ya nkhope yawo inaonetsa kudabwa. "Zodabwitsa! Mapewa, chiuno, zonse m'malo mwake. Ngati akupuma. Taonani, mpaka misozi! Lorna, mwachita bwanji?"

Lorna anayang'ana chidolecho atakwinya nkhope. Ankakumbukira kuti anachipanga chachifupi. Koma munthu akamatamandidwa pamaso pa abusa sakana. "Ndinangoyesetsa, abusa."

Chipewa cha Gottlieb chinagwedezeka pang'ono, kunja kulibe mphepo.

"Pachifuwapa pokha pakuyenera mphoto," anatero a Sajeni. "Manja a mzimayi amaoneka. Mwamuna sangaumbe chonchi."

"Nambala wani," ndinatero, n'kumata riboni yofiira pa diresi. Mphoto ya chaka chimenecho inali mkombero wa masoseji ootcha ndi utsi, ndipo abusa anaupereka kwa Lorna. Kenako ndinasunthira pa Gottlieb, n'kupumira m'mwamba.

"Koma ichi ndiye ayi, Lorna. Munatopa?"

"Chavuta n'chiyani?"

"Taonani miyendo, yamatewe ngati mabulaketi. Chimimba chili kutsogolo, matako munaiwala. Khosi mulibe. Munthu sakhala chonchi."

"Zoonadi," anavomera abusa, akuzungulira. "Sichikufanana ndi munthu. Ndiponso chikununkha. Udzu wake unali wowola?"

"Galu," anatero a Sajeni. "Ngakhale galu wapereka maganizo ake."

"Chimenechi chingaopseze mbalame, sindikukana," ndinatero. "Koma chingaopsezenso makasitomala. Chomaliza pamndandanda."

Chiguduli chinang'ambika pakamwa.

"Sichikufanana ndi munthu chiyani? Miyendo imeneyi ndi ya bambo anga! Ndipo masoseji amenewo bweretsani kuno! Lorna waumba chiyani? Edna uyu ndamukonza ndine, ndi manja angawa, kuyambira m'chiuno mpaka kolala! Chake chinali ngati thumba la mbatata, pitani mukaone, ndachibisa pansi pa mpesa uwo! Munthu wadzuka m'mamawa, wadumpha mpanda, waima padzuwa, amumenya ndi ndodo kawiri, mgolo sanaukhudze n'komwe, ndiye mphoto mupatse wina? Chilungamo chili kuti m'chigwa muno?"

Abusa anakhala pansi pomwepo, pafumbi. 

"Mwadzuka bwanji, a Bartel," anatero a Sajeni. "Tabwerezani za mgolozo."

Apa ndi pamene Loya anamva zimene pakamwa pake pananena. Anaponya chipewa n'kuliyatsa liwiro, ndodo ija idakali kumsana, manja ali tambalale. Ndodoyo inakola ukonde woteteza mphesa ku mbalame, ukonde unamukulunga, iye anapunthwa, ndodo inathyoka, ndipo phiri la Gottlieb linachita zimene limachita ndi chilichonse chosamangirira. Anagubuduka pakati pa mizere, ukonde ukumuzinga ulendo uliwonse, akutola masamba ndi udzu ndi fumbi, mpaka anasanduka chinthu chozungulira, chachikulu ngati mgolo.

Kumunsi Mabuleki anadzidzimuka kutulo. Anaona chinthu chikugubuduka kuchokera pamwamba, chikudutsa pampanda wogona uja. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anachita ndendende zimene anauzidwa. Anakweza, anafunda lona, anamanga chingwe, anatsira moto.

"Alamu! Ndine! Alamu!"

Mabuleki anamva ndithu, koma anali atamvapo kuti vinyo wakale amachita phokoso. Anakweza wailesi.

Kuchokera kwa a Noske msewu ndi umodzi, ndipo umatsikira mumsewu waukulu wa m'tauni. Pikapu yopanda mabuleki inalowa pamphambano nthawi imene perete inkadutsa, n'kudzilowetsa bwinobwino pakati pa bandi ya malipenga ndi galimoto yozimitsa moto. Kutsogolo malipenga, kumbuyo ozimitsa moto, mbali zonse anthu ndi ana awo pamapewa. Mbava zathu zinathawa pa liwiro la munthu woimba ng'oma yaikulu. Lona linasefuka, mutu wa ndevu za nkhosa unatulukira mu ukonde ukutukwana, ndipo anthu anaomba m'manja poganiza kuti ndi chionetsero cha chaka chino. Mabuleki ataona kuti akumuombera m'manja anayamba kubayibitsa.

A Sajeni sanathamange. Anatsika ndi galimoto yawo, anaimika pafupi ndi positi ofesi, anagula soseji ya m'buledi, n'kumayenda pambali pa pikapu akudya. Atafika pomwe perete imathera, pafupi ndi polisi, anangotsegula chitseko cha pikapu.

"Musavutike kuima, a Dohnt. Ndikudziwa kuti simungathe. Khomalo likuthandizani."

Ine ndinatsala paphiri. Kanyerere sanathawe. Anavula chiguduli, nkhope ili chonyowa, riboni ikadali pachifuwa, n'kugwada pafupi ndi wilibala diresi lili phwasu pafumbi.

"Madala, ndikhululukireni. Si mayi Edna ayi. Ndine Gavin, wa kwa Schiller. Tinabwera kudzaba mgolo. Ndamwanso vinyo wawo."

Lorna anali atatola kale fosholo. Bambo ake anakweza dzanja.

"Ndinadziwa, mwana wanga," anatero a Erwin. "Maso anafa koma mphuno ilipo. Edna sankanunkha mowa wa kwa Glenys. Ndiponso Edna sanandilolepo kumaliza nkhani osandidula." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Koma chimwalirire iye, ndiwe woyamba kundimvetsera mpaka kumapeto. Dzuka. Wilibala iyi yamulemera Lorna. Ndikankhe, tikathire."

Ndiye tinalowa m'chipinda chozizira chija, mkulu wa munda ali mu wilibala, akukankhidwa ndi mbava yovala diresi la mkazi wake. Mgolo unali pamalo pake. A Erwin anathira mumgolomo theka la kajagi ka vinyo watsopano, kenako anakapereka kwa Lorna.

"Maliza iwe. Ukudziwa kuposa ine. Amayi ako ndawauza kale."

Lorna anathira, osataya ngakhale dontho, kenako anakhala pansi pa simenti n'kulira. Nanenso ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

A Erwin anatisiya m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Khoti linalamula atatu aja kugwira ntchito yothandiza anthu, ndipo Lorna anapempha kuti akaigwire kwa iye, kubweza dothi pamwamba pa phiri m'madengu. Kanyerere nthawi yake itatha sanachoke, akadali komweko. Chikondwerero chotsatira, pamzere paja panaima chidole chatsopano cha suti ya kutchalitchi, pambali pa diresi lamaluwa, ndipo wonyamula kajagi anali Kanyerere yemweyo.

Loya amabwerabe m'bala yanga, patebulo lomwe lija. Za boti anasiya kukamba. Koma mowa wachiwiri ukangolowa amakwinya thalauza, n'kuika mwendo pampando wanga, n'kufunsa aliyense wolowa ngati mwendo umenewo sukufanana ndi wa munthu.